Mipata Yotsala pa Madabodi

"Ababa, makompyuta onsewa ndi a eni ake. Nanga yathu ili kuti?"

Anafunsa motero ali mwana, mano akutsogolo atangoguluka, ataima pakhomo la kachipinda kamene bambo ake ankakonzeramo makompyuta a anthu. Bambowo anaseka n'kumupatsa dzina loti Injiniya, ndipo dzinalo linamukanirira. Tsopano Injiniya anali wamkulu, wojambula mapulani a nyumba, ndipo anali ataimanso pakhomo lomwelo, patangopita masiku ochepa chiikireni bambo ake m'manda. M'kachipindamo munalibe popondapo. Makatoni anaunjikana mpaka kutseka windo, moti masanasana mkatimo munali ngati madzulo.

Yathu ija inali patebulo: chikesi chakuda chagalasi kumbali, chopanda kanthu m'mimba. Pambali pake panali purosesa m'kabokosi kosamatula, khadi ya zithunzi yolemera ngati njerwa, memori ndi mafani oziziritsa. Malemuwo ankagula chimodzichimodzi kuti amupangire mwana wawo kompyuta yamphamvu, chifukwa laputopu yake inkauma mapulani akangokula. Chinatsala chinali chimodzi: madabodi, bodi imene zonsezo zimakhalapo n'kulumikizana. Imfa inawapeza akusankhabe.

"Wogula abwera mawa m'mawa," anatero bambo aang'ono, mng'ono wa malemuwo, akugogoda galasi ndi kiyi wa galimoto. "Zinthu izi zimasasa ngati mkaka, alamu. Mukazisunga chaka, palibe adzazifune."

Mayi a Injiniya anali pampando m'kakhonde. Chimwalirireni amuna awo anali asanalowemo m'kachipindamo, komanso sankalola kuti chitseko chake chitsekedwe. Pabalaza panali podzaza achibale, panja anthu odzapepesa, ndipo aliyense ankawafunsa maganizo awo n'kudziyankha yekha iwo asanatsegule pakamwa.

"Sindinanene kuti tigulitsa," anatero motsitsa.

"Simunanenenso kuti sitigulitsa. Muzidya mafani?"

"Pashopu yapakona pali kabodi kakang'ono," Injiniya analowererapo, mawu ali otopa. "Purosesayi ikhalapo. Ndigule lero, tiyatse, nkhani ithe. Mkuja ndikufunika kuntchito."

"Ndiye wanena bwino mwanawe!" anatero bambo aang'ono. "Yoyaka ndiye imayenda malonda msanga."

Injiniya anangoyang'ana pansi. Akagula kabodi kaja, kompyutayo igulitsidwa yathunthu. Akapanda kugula, igulitsidwa zidutswazidutswa. Kumene ankakhala anali kachipinda kalendi kogawana ndi mnzake, kopanda n'poika tebulo pomwe.

Panamveka odi. Anali aneba a khomo loyang'anizana nalo, okonza mafoni, atagwira sikuludiraiva ya maginito kunsonga.

"Pepani amayi, ndinabwereka iyi malemu asanagonekedwe kuchipatala. Ikundiotcha m'manja."

"Mwafika bwino," anatero bambo aang'ono. "Auzeni alamu angawa. Achimwene anali munthu wosatha kusankha. Ngakhale suti ya ukwati ndinawasankhira ndine."

"Ine anandisankha okha," anatero mayiwo.

Aneba anakhosomola kubisa kuseka. Kenako anaika sikuludiraiva patebulo mosamala.

"Tinkakangana madzulo aliwonse pakhondepa," anatero. "Ine ndinkati tengani bodi yaing'ono, akulu, purosesa ikhala, khadi ilowa, mwana ayambe ntchito. Iwo ankati yaikulu ili ndi mipata yambiri ya memori, malo a khadi yachiwiri, ndiponso zitsulo zake zoziziritsa ndi zonenepa, siingatenthe ngakhale igwire ntchito tsiku lonse. Ndikavomera, mawa lake n'kubwera ndi chifukwa china chokayikira. Kunena zoona, kumene anagwera sindikudziwa."

"Mwamva? Sanagwere kulikonse," anatero bambo aang'ono.

Mayi a Injiniya anadzuka. Anaima pang'ono pakhomopo ngati munthu woyesa madzi ndi chala chaphazi, kenako analowa chammbali pakati pa makatoni. Fungo la amuna awo linali momwemo, fungo la waya wotentha ndi sopo.

"Lamlungu lomaliza lija anandipempha katoni ya sopo ndi sizasi yanga," anatero. "Ndinawakalipira kuti andibunthitsira sizasi. Anakhala muno mpaka chakudya chinazizira."

Anamasula galasi lam'mbali monga ankaonera amuna awo akuchitira, n'kuligoneka pa nsalu. Mkati mwa chikesimo, chogonera kukhoma lake, munali chikatoni chodulidwa bwinobwino makona anayi, mbali yoyera ili kunja. Chinali chobooledwa timabowo m'mphepete ndi pakati. Onse ankaona ngati ndi chotchingira fumbi.

Aneba anachichotsa pang'onopang'ono. Kuseri kwake kunali timisomali tamkuwa tomangidwa kale, kalikonse pansi pa bowo lake, mpaka kumapeto kwenikweni kwa chikesi.

"Ameneyu," anatero aneba, akupukusa mutu. "Timeneti ndi timipando ta bodi, amayi. Bodi iliyonse ili ndi pokhalira pake. Yaing'ono imathera apa, pakati. Iwo amanga mpaka uku." Analoza timisomali takumapeto. "Anasankha yaikulu, osandiuza n'komwe. Ankadziwa kuti ndiwaseka."

Pachikatonipo panali pojambulidwa ndi pensulo: kabwalo ka purosesa, ndi timizere tinayi ta memori. Tiwiri tinali todetsedwa, tiwiri tongosiyidwa toyera.

Injiniya analoza toyerato. "Memori anagula iwiri yokha. Iyi mipata inayi ya chiyani?"

"Ndinawafunsa zomwezo tsiku lina, kuti mipata yopanda kanthu mukuifuniranji," anayankha aneba. "Anati mwanayu nyumba zake zidzakula. Adzawonjezere yekha, asadzachite kugwetsa zonse n'kuyambiranso."

"Nthawi imeneyo adokotala anali atawauza kale," anatero mayiwo.

Pabalaza wina anali kukoka mipando. Bambo aang'ono anatenga chikatonicho, n'kuchitembenuza. Kuseri kwake kunali chithunzi cha sopo ndi mayi womwetulira. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anachiika m'manja mwa Injiniya.

"Nanga wogula uja ndimuuza chiyani?"

"Mumuuze kuti ili ndi mwini wake, bambo," anatero Injiniya.

Bambo aang'ono anatuluka akuliza makiyi. Mayiwo ankawadziwa bwino alamu awo: lero mtima wawafewa, koma pakutha pa sabata adzabwera ndi wogula wina ndi mawu atsopano, Injiniya atapita. Ndipo pabalaza panalinso manja ena.

"Aneba," anatero, "zonsezi zikagone kwanu. Yaikuluyo mwanayu akaipeza, kaya ndi liti, mudzaike ndinu. Koma musadzayatse."

"Batani ndi la Injiniya, amayi. Ngakhale chala chiyabwe bwanji, sindidzaligwira. Ndipo fani ngakhale imodzi siidzatuluka pakhomo panga."

"Mwalonjeza?"

"Ndalonjeza."

Aneba ananyamula chikesicho mochikumbatira, Injiniya ali pambuyo ndi purosesa ndi chikatoni chija. Atachotsa katoni yapamwamba, kuwala kunalowa pang'ono pawindo n'kugwera patebulo pamene panatsala sikuludiraiva. Mayiwo anaitola, n'kuwatsatira mpaka pakhonde, n'kuilowetsa m'thumba la malaya a aneba.

"Mudzabweze ntchito ikatha," anatero.