Milungu Isanu Osaponda

Apenta anapuma ntchito kalekale, koma upenta sunawatuluke m'magazi. Zaka makumi atatu anakhala akuuza anthu kuti asakhudze khoma mpaka liume, ndipo munthu wotero ukamupatsa chingwe ndi zikhomo zinayi amatseka chilichonse.

Akazi awo anadwala sitiroko, mbali yakumanzere n'kufa. Atatuluka m'chipatala, mayi wa mafizo, wothandiza odwala kulimbitsa ziwalo, anasiya lamulo limodzi: aziyenda tsiku lililonse, ngakhale pang'ono, apo ayi mwendo uuma. M'nyumba simenti inali yoterera ndipo mayi odwalawo ankaiopa. Choncho ankayenda kuseri, pa kapinga, kuchoka pakhonde kukafika pampopi, dzanja labwinolo pandodo, amuna awo atawagwira m'chiuno. Kapingayo anali kale ngati nkhuku yothothoka nthenga, ndipo phazi lokhwekhwerezalo linamumaliziratu. Patatha miyezi iwiri panali kanjira ka dothi lokhalokha, louma gwa.

Tsiku lina mayi anagwa pakanjirako. Sanathyoke, bondo lokha linasupuka, koma Apenta mtima unawachoka. Mlandu anaupereka kwa dothi. Akazi awo sangamagwere pouma chonchi iwo ali moyo. Pafunika udzu wothithikana, wofewa, woti munthu akagwa adzuke akuseka.

Anagula paketi ya njere za kapinga. Anagaula pothothokapo, anatola timiyala tonse, anathira manyowa. Njerezo anazisakaniza ndi mchenga kuti zisaunjikane pamodzi, anazifesa, anakwirira pang'ono, n'kupsinja ndi thabwa. Msana unawauza zaka zawo. Kenako anakhoma zikhomo, anamanga chingwe kuzungulira bwalo lonse, chifukwa papaketi panalembedwa kuti milungu isanu pasapondedwe.

Tsiku lachitatu mayi anafunsa kuti nanga iwo aziyenda pati. Apenta anayankha kuti zonsezi akuchitira iwowo, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Anayesa kamodzi m'nyumba: mayi anaponda katatu, anaona simenti ikunyezimira, anauma thupi lonse n'kuyamba kulira. Anabwerera pampando, ndipo za kuyesanso palibe anazitchula.

Kunena zoona, onse awiri anali atatopa. Mayi anatopa ndi kupepesa nthawi iliyonse akaponda phazi la amuna awo. Apenta anatopa ndi kunyamula munthu amene kale ankawasiya m'mbuyo popita kumsika. Kuthirira udzu kunali kopepuka. Udzu sulira, supepesa, suyang'ana munthu m'maso. M'mawa ndi madzulo ankaika akazi awo pampando pakhonde, bulangete pamiyendo, iwo n'kumazungulira kunja kwa chingwe ndi paipi, akudziuza kuti ali pa ntchito ya odwala.

Mpheta zinatola njere za mbali ya kumpopi. Apenta anafesanso, ndipo poti mbali imeneyo inayamba mochedwa, anayambiranso kuwerenga. Milungu isanu inasanduka isanu ndi iwiri. Mayi wa mafizo ataimba foni kufunsa za odwala, Apenta anati zonse zili bwino, zikumera.

Zinameradi. Poyamba tinali timaudzu tosaoneka pokhapokha munthu atagwada, kenako bwalo lonse linabiriwira moti oyandikana nawo ankasuzumira pampanda kufunsa mbewu yake. Kanjira kaja sikanaonekenso.

Mayi wa mafizo anabwera Lachiwiri m'mawa. Anayamikira kapinga mwaulemu, n'kugwada pamaso pa odwala. Anagwira bondo, anayesa kuliwongola, linakana. Phazi linali litapindikira m'kati. Anayesanso mofatsa, odwalawo analuma mlomo.

"Patsiku akuyenda kangati?" anafunsa.

Apenta anayang'ana paipi imene inali m'manja mwawo. Amene anayankha anali akazi awo, ndi mawu awo ochedwa aja.

"Timadikira udzu, mwanangu."

Mayi wa mafizo sanakalipe, ngakhale Apenta akanakonda akanakalipa. Anangoti ayambiranso poyambira, kuwongola mwendo odwala ali chigonere, ndipo za kuyenda sangalonjeze. Analemba pakapepala, anatsanzika, anapita.

Apenta anakhala pa sitepe ya khonde nthawi yaitali. Manyazi anawagwira, a mtundu umene munthu sauza ngakhale m'bale wake. Kenako anadzuka, analowa m'nyumba, anabwera ndi mpando wina n'kuuika pakati penipeni pa kapinga. Ananyamula akazi awo, anawapeza apepuka kuposa momwe ankakumbukira, ndipo zimenezi zinawawawa kuposa msana. Atawakhazika, anagwada, anawavula masilipasi, anatsitsa mapazi onse awiri paudzu wonyowa. Lamanzerelo anachita kuligwira ndi dzanja kuti lifike pansi.

"Mayi, mukumva kufewa kwake?"

Mayi anagwedeza zala za phazi lamanja, udzu ukulowa pakati pake. Anayang'ana mutu wa imvi umene unali utawerama pamaso pawo, ndipo sanafune kunama, sanafunenso kubaya.

"Ili likumva, bambo. Mwagwira ntchito," anatero. "Linalo mundiuze ndinu ngati lafika pansi."