Timabala Kuseri kwa Makutu

Ine sindine woyankhula. Kusekondale ndinatha zaka zinayi osakwezapo mkono, ngakhale yankho ndikulidziwa. Ndiye zimene ndinachita pakhomo pa Madamu Mhango zimandidabwitsa mpaka lero.

Madamu Mhango ndi aphunzitsi a fizikisi pasukulu ya kwathu ku Chiosya. Kwawo ndi ku Rumphi, ndipo amakhala okha. Titamaliza mayeso a Fomu 4 anandiitana, chifukwa ndinalembapo m'kope kuti ndikufuna kudzayendetsa ndege. Alongo awo a ku Joni anawatumizira kompyuta ya masewera oyendetsa ndege, chiwongolero chake, ndi lamba wovala kumutu. Lambayo ali ndi timasiponji tiwiri tonyowetsa ndi madzi a mchere, tokhala kuseri kwa makutu. Timasiponjito timalowetsa magetsi ochepa kwambiri m'kati mwa khutu, momwe thupi limadziwira kuti laima bwino kapena lapendekeka. Ndege ikakhota pasikirini, nawenso umamva ukupendekeka, chikhalirecho uli pampando wapulasitiki.

Ndinkapitako Loweruka lililonse masana. Mchere uja unkandisiyira timabala tozungulira, koma sindinkasamala.

Tsiku lina amayi akundiluka tsitsi pakhonde anaona timabalato.

"Luwiza, izi n'chiyani?"

"Ndi za ndege, amayi," ndinatero mokondwa. "Dzulo ndauluka ndi Madamu mpaka ku Chipata, n'kubwerako."

Amayi anasiya kuluka. Pamenepo m'pamene ndinadzimva zomwe ndanena. Kwathu mwana akati wakwera ndege ndi munthu wamkulu, palibe amaganiza za kompyuta. Amaganiza za afiti ophunzitsa ana, ndipo timabala tanga tinasanduka mphini. Ndinayesa kufotokoza, koma amayi anali atamanga kale chitenje, ulendo wokauza anzawo a kutchalitchi.

Lolemba masana kunabwera Mayi Veronika, atcheya a amayi a kutchalitchi kwathu, ndi anzawo asanu. Ananditenga pamodzi ndi amayi mpaka kunyumba ya Madamu. Anthu anatitsatira, ena miyala ili m'manja.

"Mwana wanga, iwe ulibe mlandu," anatero Mayi Veronika akundisisita paphewa. "Ungonena pamaso pa anthu kuti mayiyu amakuphunzitsa ufiti. Iwe tikupempherera, iyeyu alongedze azipita kwawo."

Madamu anaima pakhomo. "Amayi, chonde, lowani muone nokha."

"Tilowe kuti mutikweze nafenso?" anakuwa mayi wina kumbuyo. "Ife ndi onenepa, amwali, ndege yanuyo sinyamuka!"

Anthu anaseka. Ndiulule pano: ndinatsala pang'ono kunena zimene ankafunazo. Mawu oti ndinenewo anali ochepa, ndipo maso onsewo akanandichoka.

"Sindinena," ndinatero.

"Wati chiyani?"

"Ndati sindinena bodza."

"Mukumuona? Mwanayu wakhwima kale!"

Ndinalowa m'nyumba n'kutuluka ndi lamba uja ndi kabokosi kake. Ndinatsegula kabokosiko ndi chikhadabo, ndinachotsa batire n'kulikweza m'mwamba.

"Ndege yake ndi iyi. Batire ili ndinakagula ndekha pagolosale ya a Kwacha. Ngati ndi ufiti, yambani mwakagenda golosaleyo. Ndipo Loweruka ndibweranso pano, kaya mundipempherere kaya ayi."

Sindinayankhulepo chonchi kwa munthu wamkulu. Amayi anandiyang'ana ngati mwana wa eni. Kenaka anavula mpango kumutu.

"Ndiveke ineyo. Zikandipha, anthuwa aone."

Anakhala pampando paja, amayi ena atadzaza pawindo. Ndinabwezera batire, ndinanyowetsa timasiponji, ndinanyamutsa ndege. Nditakhotera kumanzere, amayi anapendekeka n'kukumbatira tebulo.

"Mayo ine! Wongola, iwe Luwiza!"

Ndinalephera kuwongola, ndege n'kukagwera pansi pasikirini. Ndinazula batire anthu akuona, amayi pompo anawongoka. Anati ndilibwezere, anapendekekanso. Ndinalichotsa, anawongokanso. Anatuluka, analavula m'maluwa a Madamu, n'kumanganso mpango.

"Anthuni, kazipitani mukaphike. Ichi ndi chizungulire cha batire basi. Mpando sunasunthe, ndaugwira ndekha."

"Nanunso akutengani, make Luwiza," anatero Mayi Veronika.

"Anditengera kuti? Si ndili panoyi?"

Miyala inayamba kugwa pansi umodziumodzi, anthu akubalalika chong'ung'udza. Madamu akuphunzitsabe pasukulu paja. Mayi Veronika satipatsa moni, ndipo kumjigo ana ena amandithawa. Zimandipweteka, koma sindibisa makutu anga.

Tsiku limenelo pobwerera tinayenda mpaka pamlatho. Apo amayi anaima.

"Ndege imeneyo ine sindidzakweranso," anatero. "Koma iwe Lowerukalo ukawauze Madamu akuphunzitse kutera. Wandigwetsera m'munda wa eni, anthu akuona."