Madzi Opita Kutauni

Bungwe lina linatipatsa thandizo loti tiziyeza madzi a pachitsime chathu kwa miyezi isanu ndi umodzi. Mgwirizano unali wosavuta: madzi akapezeka oipa miyezi itatu yotsatizana, atikumbira mjigo. Ife sitinkakayika n'komwe. Chitsimecho chili kumunsi kwa zimbudzi za pamsika, ndipo ana athu ankatsegula m'mimba molandizana. Wanga wotsiriza anali atagonekedwa kale kuchipatala kawiri.

Komiti inasankha ine chifukwa ndili ndi njinga yamoto. Anandipatsa bokosi lozizira, magolovesi ndi mabotolo khumi olembedwa mayina a mabanja. Lamulo linali loti madzi azitengedwa m'nyumba, m'ndowa momwe anthu amamwera. Ine pofuna kufupikitsa ntchito ndinkagawa mabotolowo masana, m'mawa mwake n'kudutsa kuwatolera odzaza kale, n'kupita nawo ku labu yoyezera madzi kutauni. Ulesi umenewo ndi wanga, sindiukana.

Mwezi woyamba madzi anapezeka abwino. Wachiwiri chimodzimodzi. Ana akudwalabe, ife n'kumati makina a kutauniwo ndi akufa. Pofika mwezi wachisanu, mayi wa ku labu anavula magalasi n'kundiyang'ana.

"Achimwene, madzi anuwa akuposa ogula m'sitolo. Mukuwatunga kuti?"

"Pachitsime, mayi."

"Ndiye tisamukire kwanuko."

Mwezi wotsiriza ndinagawa mabotolo monga mwa nthawi zonse, koma ndinaiwala magolovesi kwa azakhali anga, ndiye ndinabwerera. Ndinawapeza kukhitchini, poto akubwadamuka pambaula, nsalu yoyera itamangidwa pakamwa pa chigubu. Patebulo panali mabotolo anga asanu ndi atatu, atandandalikidwa bwinobwino.

"Azakhali, mukutani?"

"Maso ulibe? Ndikuwiritsa."

"Mabotolo enawa ndi a anthu ena."

"Amabweretsa kuno. Nsalu yanga ndiyo imasefa bwino. Awiri enawo amawiritsa okha, koma ndinawaphunzitsa ndine."

"Munayamba liti?"

"Tsiku loyamba lomwe lija. Iwe, madzi opita kutauni, kukaonedwa ndi anthu ophunzira, dzina langa lili pabotolo, apite tizinyalala tikuyandama? Unaleredwa ndi ndani?"

"Nanga akumwa aja mumawiritsa?"

"Makala ake ati? Amenewo timamwa tokha, palibe amawaona."

Ndinakhala pampando n'kuwafotokozera za mjigo pang'onopang'ono, poti munthu wamkulu sakalipiridwa. Anamvetsera chikho chili m'manja.

"Bwanji sunanene kuti akufuna oipawo? Tili nawo ambirimbiri."

Ndinapsa mtima, koma womupsera mtimawo panalibe. Pamsonkhano woyamba ndine ndemwe ndinaima kutsogolo n'kuuza anthu kuti mabotolo awasamale, tisakachite manyazi. Anthu anamva, ndipo anamvera.

M'mawa mwake mabotolo onse khumi ndinadzaza ndekha, khomo ndi khomo. Patatha masiku atatu mayi wa ku labu anandiimbira foni, nthabwala zitatha, kuti madzi amenewo asamwedwe ngakhale ndi galu. Koma unali mwezi umodzi pa miyezi isanu ndi umodzi. A bungwe analemba kuti mwina mabotolo otsirizawo anaipitsidwa panjira. Ndinawalembera kalata yofotokoza zonse, za poto ndi nsalu yomwe. Anayankha mwaulemu kuti athokoza, koma mjigo wapita kudera lina kumene madzi anapezeka oipa miyezi itatu.

Yankholo linabwera ndi setifiketi yotiyamikira pa ukhondo. Wapampando anaiwerenga m'kalasi momwe timasonkhanira, ena kumbuyo n'kuwomba m'manja. Mkazi wanga kunalibe. Anali kuchipatala ndi mwana uja, kachitatu.

Potuluka azakhali anandigwira malaya.

"Mwana ali bwanji?"

"Amuika diripi."

Anandiperekeza mpaka panjinga, maso ali pansi. Ndinawamvera chisoni, mkwiyo usanandithere. Nditakwera, anagwira chiwongolero.

"Ukawapemphe tiyambirenso. Ulendo uno ndiwapatsa a pansi penipeni."

"Mabotolo ndinabweza kale, azakhali."