Zala Sikisi pa Khoma la Tchalitchi

Ba Perpetua ankabwera kumudzi kwathu, kuseri kwa Mukuni, Loweruka lililonse pa njinga yolira ngati mbuzi, kuchokera m'tauni, ku Dambwa North. Ankatiphunzitsa kujambula. Mapepala kunalibe, choncho tinkagwiritsa ntchito makala, phulusa ndi dothi lofiira pa khoma la tchalitchi chathu chadothi.

Ife ana a osemasema tinkangodziwa njovu ndi mathithi, zimene azungu amagula. Zimenezi zinkawakwiyitsa.

"Iwe Chuma, njovu inakuphikilako chani?" anandifunsa tsiku lina. "Jambula bamai bako."

Ndinawajambula atasenza ndowa, khosi litapendekeka. Ndinawapatsa zala sikisi kudzanja lamanzere, anzanga n'kundiseka mpaka misozi. Chaka chotsatira amayi anamwalira. Sanajambulidwepo ndi kamera, ndiye chithunzi chawo chinali chokhacho.

Lero ndimayendetsa takisi ku bwalo la ndege. Zaka zambiri sindinapite kumudzi, ndipo chifukwa chake ndi mantha basi. Azimayi a mpingo amazira khoma lija ndi dothi latsopano Pasaka asanafike, ndipo dothi silisankha pophimba. Ndinkaona kuti bola kusadziwa.

Mwezi watha ndinakumana ndi ba Perpetua mumsika, imvi zili mbuu, atagwira ndodo. Ukali wawo sunakalambe.

"Uopa chipupa, mwamuna mukulu so? Tiye, unipeleke."

Titafika, khoma linali losalala, likununkhabe dothi lonyowa. Njovu zathu zonse zinapita. Koma pangodya panali malo amodzi amene dothi latsopano linawalambalala, ndipo amayi anali pomwepo ndi ndowa yawo, mizere yakuda bii ngati yadzulo.

Ba Lungowe, mnzawo wa amayi wa m'kwaya, anabwera akupukuta manja pachitenje.

"Timapitamo na malasha chaka chilichonse, mvula ikasila," anatero, akuloza mizere ya makalayo. "Mphuno yakulako pang'ono, utikhululukile."

Mphuno inalidi ya munthu wina, maso nawonso. Ndinayang'ana nkhopeyo, koma amayi sindinawapezemo, ndipo zinandiwawa.

Ba Perpetua anasendera pafupi, maso awo ofookawo atatsala pang'ono kugunda khoma, n'kuyamba kuwerenga ndi chala.

"Zikali sikisi," anatero. "Simunakonzeko?"

"Tikonze bwanji?" anayankha ba Lungowe. "Ni mwamene mwana anabaonela."

Ndinaika dzanja langa pa dzanja lija, chala chimodzi n'kutsala panja.