Zitsa za Pilato

Pilato, mwana wa mchimwene wanga, atawoloka mtsinje wa Muloza kuthawa chibalo cha Apwitikizi, mzungu wa esiteti anamulozera thengo la zitsa zokhazokha. Alime pamenepo, koma azigwira thangata. Munthuyo anazula zitsazo mpaka zikhatho kuuma ngati zidendene.

Poyamba thangatayo inali ya mwezi umodzi. Kenako kapitawo ankangotulukira nthawi yeniyeni yopalira n'kumutenga, ndipo chimanga cha Pilato chinkabisala m'udzu ngati chapalamula.

Mkazi wa Pilato anali Esteri. Mlongo wake wa Esteriyo anatumiza mawu kuchokera ku Milonde, kunja kwa malo a mzungu: munda ulipo, bwerani mvula isanagwe.

"Bambo a Enifa, tiyeni tinyamuke," anatero Esteri. "Ana akudyera kwa eni."

"Ndisiye munda wozula ndekha? Chala ichi chinathyokera pompano."

"Ndiye mukakhala, chalacho chiwongoka?"

"Simukuona inu. Dzana kapitawo anandipatsa moni, n'kunditchula dzina. Mzungu akundidziwa."

"Akukudziwanidi. N'chifukwa chake saphonya khomo lathu."

Nanenso ndinaponyapo langa: "Iwe Pilato, zitsa zija tinasonkhera moto kalekale, ukulondera chiyani?" Aaa, kuyankhula ndi mtondo. Nkhuku ikaikira mazira, akuti malo atiyanja. Mwana akaonda ndi njala, akuti ndi ufiti wa anansi.

Mitambo itayamba kuunjikana paphiri, kapitawo anabwera ndi chingwe n'kukhoma zikhomo m'munda monse. Pano padzalidwa tiyi, anatero. Pilato akayambe thengo lina kumtunda.

Esteri anakulunga mphasa, anabereka wamng'ono, n'kugwira Enifa padzanja.

"Lero mwadzionera nokha. Tiyeni."

Pilato anayang'ana njira ya ku Milonde, n'kuyang'ananso mundawo. Ine mumtima ndinati basi, lero mutu watseguka.

"Ndikachoka, thukuta lonse lija lapita pachabe," anatero motsitsa mawu. "Tiyiyo adzafuna womuyang'anira. Ndani akulidziwa dothi ili kuposa ine?"

Esteri anauyamba ulendo, Enifa akucheukacheuka. Pilato anaima pakati pa mizere ya chingwe mpaka anawo anazimiririka kuseri kwa nthochi. Kenako anawerama n'kuwongola chikhomo chimene kapitawo anakhoma mopendama.