Batire Idapita ku Tete

Zeferina adafika ku ofisina ya a Octávio, kokonzera magalimoto, ku Ulongwe m'mawa ndithu, matope a ku Lifidzi ali phaa m'mapazi. Pakona ya kapulana, chitenje chake, adamangapo mametikali zikwi zinayi, ndendende monga adapangana. Kalinya yake, galimoto yonyamula katundu, idali pansi pa mtengo wa mapichesi, yotsukidwa mpaka matayala, ndipo kutsukidwako ndiko kudayamba kumukayikitsa. Makanika satsuka galimoto ya munthu popanda chifukwa.

Kumunda adasiya matumba makumi atatu a mbatata ya kachewere yokumba kale. Lole ya wogula wa ku Tete imanyamuka pamsika wa Ulongwe nthawi ikakwana ola lachitatu masana, ndipo ina imabwera patatha sabata. Kalinya imanyamula matumba khumi ndi asanu basi, ndiye padafunika maulendo awiri. Mbatata yokumba m'mvula siyembekeza munthu.

"Akomadire, mwalawira!" adatero a Octávio akupukuta manja. Ndi iwo adaimira mwana wa Zeferina pa ubatizo, nchifukwa chake mtengo wokonzera kalinya adaukamba panja pa tchalitchi Misa itatha, pakamwa pokha. Kupempha pepala kwa akompadire kuli ngati kuwatchula akuba. Ku Lifidzi palibe angachite zimenezo.

"Ndabwera nazo zinayi zija."

"Eee, zinayi zija. Khalani kaye pansi."

"Ndiimirira."

A Octávio adatsegula kutsogolo kwa galimoto. Embreyaji, kapena kuti kilatchi, adakonzadi, imene idali vuto. Koma adaikanso mabuleki atsopano ndi batire yatsopano yonyezimira. Zonse pamodzi zikwi khumi ndi chimodzi.

Zeferina adayang'ana batireyo nthawi yaitali. Sadakuwe.

"Ndani adakutumani?"

"Galimoto ndiyo idandituma. Mukadafera pamtsetse, anthu akadati Octávio adaona mabuleki otha n'kukhala chete."

"Nambala ya foni yanga muli nayo."

"Kwanu kuja kuli redi ya foni? Munthu mpaka akwere pachulu kuti amve alo."

"Dzulo mudandiimbira kuti yatha. Mudandipeza pachulu?"

A Octávio adaseka, kuseka kwa munthu amene makiyi ali m'thumba mwake. Adati apite kaye akagule oliyo, abwera pompano. Adakwera njinga yamoto n'kusowa.

Zeferina adakhala pa tayala lakutha. Adamvapo pa wailesi kuti wokonza sayenera kuwonjezera ntchito mwini asadavomere, ndiponso kuti kuli ofesi yokadandaulako. Koma kuofesi akafunsa pepala, iye pepala alibe. Akamuuza kuti abwere Lolemba, ndipo pofika Lolemba mbatata idzakhala ikununkha. Amene ali ndi makiyi amadziwa zimenezi bwino lomwe. Nchifukwa chake oliyo wa pa Ulongwe pomwepa adatenga maola atatu.

Atabwerera, Zeferina adaimirira.

"Akompadire, tisatayane nthawi. Mabuleki asiyeni, ndidzalipira ndikagulitsa, poti mwati ndi moyo wanga. Koma batire yanuyi chotsani. Bwezerani yanga. Idalibe vuto."

"Ija? Idafa kale ija."

"Yakufayo ndipatseni. Maliro ake ndikalira ndekha."

A Octávio adayamba kufufuza kuseri kwa ofisina, akutembenuza zitsulo, akukankha migolo. Adabwera ndi batire yakuda yong'ambika pakona.

"Si yanga. Yanga ndi yabuluu, ndidagula chaka chatha."

"Mabatire amasintha mtundu akakalamba."

"Ngati anthu."

Dzuwa lidafika pamutu. Pamenepo padalowa a Efigénia, akazi a Octávio, atasenza dengu la chakudya cha amuna awo. Adamukumbatira Zeferina, adafunsa za mwana, adafunsa za mvula, kenaka adaona amuna awo ali gwa ndi batire yakuda m'manja.

"Mukufunafuna chiyani, bambo?"

"Batire ya akomadire."

"Iii, mwaiwala? Si ija mudaika m'chapa ya a Chakondwa, minibasi ija, dzana? Adaimba dzulo kuthokoza, akuti ikudzuka kamodzi n'kamodzi, yafika ku Tete osavuta."

A Octávio adatsitsa batire yakudayo pansi.

Ndi mmene ofisina zambiri zimayendera. Chochoka m'galimoto iyi chimalowa mu iyo, wa iyo amalipira ngati chakale chabwino, wa iyi amalipira chatsopano, ndipo aliyense amathokoza mesitiri wokonzayo.

"Batire yakufa yafika ku Tete," adatero Zeferina pang'onopang'ono. "Ine wamoyo ndili pano."

"Akomadire, mvetserani..."

"A Chakondwa adalipira zingati?"

A Efigénia adatula dengu pansi, maso ali pa amuna awo.

"Mwagulitsa chinthu changa osandifunsa, mwandigulira china osandifunsa, ndiye mukufuna ndikulipireni pa zonse ziwiri? Itanitsani chapa ibwere ndi batire yanga, apo ayi iyi ndi yanga. Sankhani msanga, mbatata ikundidikira."

"Chibale ndi fupa, mayi. Ine ndidaimira mwana wanu pamaso pa Mulungu."

"Zinayi zija mudazinenanso pakhomo pa Mulungu yemweyo."

"Apatseni makiyi," adatero a Efigénia motsitsa mawu. "Anthu a kumsewu akumva."

A Octávio adapisa m'thumba. Makiyi sadamupatse m'manja, adawaponya pa mpando wa galimoto. Zeferina adamasula kapulana, n'kuika zikwi zinayi pamwamba pa mgolo.

"Ndilembereni resibu ya ndalamazi. Ndi mtengo wa mabuleki omwe, kuti usakule usiku."

Nkhope ya a Octávio idagwa kuposa mmene idagwera pa nkhani ya batire. Adang'amba tsamba m'kabuku, adalemba, adasaina mokanda.

"Mwafika popempha pepala kwa ine. Basi. Ikadzafanso, mukafune wina."

Zeferina adapinda pepalalo. Adafuna kunena kanthu kwa a Efigénia, koma iwo adali atatembenuka kale, akuvundukula mbale.

Galimoto idadzuka kamodzi. Njira ya ku Lifidzi idali yoterera, ndipo pa dambo adataya theka la ola kumbuyo kwa ngolo imene idatitimira. Adapakira matumba khumi ndi asanu, adawonjezera awiri pamwamba mpaka kalinya idakhala pansi kumbuyo, n'kubwerera. Adafika pamsika lole ikumangidwa kale zingwe.

"Paja mudati makumi atatu, mayi," adatero wogula.

"Dikirani maola awiri."

"Tete ndi kutali."

Adatsitsa khumi ndi asanu ndi awiriwo. Lole idanyamuka, utsi uli tolo. Zeferina adakhala m'kalinya yopanda kanthu, manja pachiwongolero, osailiza. Kumapiri a ku Lifidzi mitambo idali itada, ndipo pansi pake padali matumba khumi ndi atatu ofunditsidwa mapesi.