Maliro a ku Ohio, Pakhonde ku Al Barsha

Everlyn Dawes anadziponya pampando wakumbuyo wa galimoto, maso ali psuu. Tsiku lonse anali pa foni ku ofesi ya kazembe wa Amereka ku Dubai, kusakira ndege anthu akwawo omwe mliri wa korona unawatsekereza. Ntchito imeneyi anakalamba nayo: Lilongwe, Dhaka, Amman, tsopano kuno. Wina akataya pasipoti, Everlyn. Akamangidwa, Everlyn. Akamwalirira kutali ndi kwawo, woimbira foni achibale anali Everlyn yemweyo, moti mawu opepesa anali atamuthera kukoma ngati chingamu chotafunatafuna.

Koma lero omwalira anali bambo ake. Ankawaika m'manda ku Ohio tsiku lomwelo, ndipo iye amayenera kuonera pa kompyuta, yekhayekha. Mipando ya ndege yomwe inapezeka anali ataipereka kwa ena.

"Madamu, lero mwangoti zii," anatero Zubairi, dalaivala wake wa ku Mangochi. Awiriwa ankacheza m'Chichewa chomwe Everlyn anatola ku Lilongwe.

"Bambo anga atisiya. Akuika madzulo ano. Basi, Zubairi, mawa mubwere monga mwa masiku onse."

Zubairi anangoti "Inna lillahi" chapansipansi, mawu omwe Asilamu amanena akamva za imfa, n'kukamutsitsa pa geti la nyumba yake ku Al Barsha.

Dzuwa likupendeka, belu linalira. Atasuzumira pawindo, Everlyn anaona Zubairi, mkazi wake Samira, ndi amuna ena ovala yunifolomu za ulonda, atakhala pansi pakhonde motalikirana, masiki kukamwa, thukuta lili chuchuchu. Pakhomo pa munthu wa ku kazembe, ndani amadikira opanda chofuna? Mpaka lero lomwe? Anatsegula chitseko atavala kale nkhope ya ku ofesi.

"Za viza sindithandizira kunyumba. Ndiponso ofesiyo ndi yotseka."

Amuna aja anayang'anana. Samira anazolika.

"Ayi Madamu, sitinabwerere zimenezo," anatero Zubairi. "Awa ndi anzanga a ku Al Quoz, angoweruka shifiti. Tabwera kumaliro."

"Maliro ali ku Ohio."

"Ku Ohio kuli thupi. Anamfedwa muli pano. Kulowa sitilowa, ndi korona uyu. Tingokhala basi."

"Ndiye ine nditani?"

"Palibe, mayi," anayankha Samira. "Inuyo lero musatithandize chilichonse."

Manyazi anamugwira Everlyn. Ali ku Lilongwe kuja, mnzake wa kuntchito akaferedwa, iye ankangotumiza nkhata ya maluwa, n'kumadziona ngati wakhuza.

Anabwerera m'nyumba. Mlonda wina anayang'ana Zubairi ngati akufunsa ngati awathamangitsa, koma palibe anadzuka. Posakhalitsa Everlyn anatulukanso atanyamula kompyuta. Anakhala pansi pakhomo penipeni, n'kutambasula miyendo monga anakhalira Samira. Samira anamukankhira chitenje, iye n'kufunda pamiyendo.

Pa kompyuta panaoneka bokosi, m'busa, ndi mipando yopanda anthu, poti kumeneko lamulo linkalola ochepa okha. Pakhonde paja panali anthu ambiri kuposa kumanda. Kenaka panabwera nkhope ya Sam, mlongo wake, mphuno itafiira.

"Pepa, Ev," anatero Sam m'Chingerezi. "Uli wekha kumeneko?"

Everlyn anangotembenuza kompyuta kuti Sam aone pakhonde. Alonda aja anavula zipewa.

"Kwabwera anthu," anatero, ndipo misozi inayamba kutsika.